Lumo Lalifupi la Bambo

Lolemba, 3 Juni

Bambo akananso kupita ku mafizo, kuchipatala kokalimbitsa dzanja ndi mwendo. Chifukwa chake ndevu.

Takisi inafika, inadikira pageti, inabwerera yopanda munthu. Ndalipira mphepo.

Ndevuzo zafika pogwirika ndi zala. Zotuwa, zonyankhalala, kutsaya lamanja zagona chifukwa ndiko amagonera. Chibadwire sindinawaonepo chonchi. M'mawa uliwonse beseni la madzi otentha, burashi, thovu, ndi lumo lawo lachitsulo lija loikamo lezala. Ngakhale tsiku loika maliro a Mayi anayamba ameta kaye. Sitiroko inawagwira mu Epulo. Kuchokera apo chitsulo sichinadutse pankhope pawo.

Zoona zake ndi izi. Dzanja lamanja lafooka, zala zimapindika koma sizifinya. Lamanzere ndi lamoyo, kungoti silinaphunzire ntchito. Mwendo ukukoka, komabe ndi ndodo amafika kubafa okha. Amasamba okha, amavala okha, nkhondo ili pa mabatani basi. Mutu uli bwinobwino. Lilime lalemera, koma chipongwe chikutuluka chonse, sichiperewera.

Ndinati ndiitane wometa wa pakona paja. Akuti: "Wometedwa ndevu ndi mnzake ndi mtembo. Ine ndinameta bambo anga atazizira kale. Dikirani ndife, mudzamete mpaka nsidze."

Lumo lawo kulibe. Alamu, akazi a achimwene, analichotsa pashelefu tsiku lomwe Bambo anatuluka m'chipatala, pamodzi ndi sizasi ndi mipeni yakukhitchini, chifukwa m'wodi muja Bambowo ananenapo kuti bola kufa. Mipeni ndinakaitenga. Lumo akuti anataya.

Achimwene aimba foni. Loweruka la pa 15 akubwera kudzawatenga. Kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo, wantchito wowasambitsa, ndipo muno aikamo anthu a lendi. "Tawayang'ana nkhope, Aphunzitsi. Munthu wotha kudzisamala amaoneka choncho?" Amanditchula Aphunzitsi akafuna kundinyoza. Sayansi ndimaphunzitsa ana a eni, pakhomo pano ilibe ntchito.

Bambo atamva anangoti, "Alandilodi afuna nyumba." Kenako nkhope kukhoma.

Tchuthi changa chitha pa 17.

Lachiwiri, 4 Juni

Alamu anabwera ndi makina ometera amagetsi, ali m'bokosi lake, risiti pamwamba kuti tonse tione. Bambo anawayatsa, anamvetsera kulira kwake, anazimitsa. "Ichi nchometera nkhosa." Anachikankhira kunsi kwa mpando ndi ndodo.

Ndinafunsanso za lumo. Yankho: "Alamu, mabuku mumawerenga inde, koma munthu wotchula imfa sapatsidwa lezala. Zikachitika mudzatiuza sayansi?"

Ndinawakumbutsa kuti mawuwo ananenedwa Bambo ali ndi chubu m'mphuno, asakutha ngakhale kumeza malovu. Sanawabwerezenso. Alamu anati munthu sabwereza, amangochita.

Sindikunena kuti ndi opusa. Mantha awo ali ndi poyambira. Chondinyansa nchakuti mantha omwewo akuwapezera nyumba ya lendi.

Ndaimbira mayi wa mafizo. Wanena mosabisa. Bambo akhoza kukhala pakhomo pawo bola azibwera Lolemba lililonse. Dzanja losagwiritsidwa ntchito limauma. Ndipo pamzere pali anthu ambiri, malo sasungira munthu wojomba.

Choncho nkhani yonse ili pa chingwe chimodzi. Ndevu zikutseka mafizo. Mafizo akalephereka dzanja liuma. Dzanja likauma achimwene apambana.

Masana ndinagula timalumo tapulasitiki totaya tija. Bambo anatenga kamodzi, anakayeza pachikhatho. "Chidole." Apa sindinatsutse. Nkopepuka, munthu amachita kukanikiza, ndipo ndikukumbuka Mayi akunena kuti timeneti tinkawatulutsa zotupa pakhosi.

Chakudya chamadzulo adya pang'ono. Msuzi unatsalira m'ndevu. Ndinatenga kansalu. Anandiyang'ana ndi diso la nkhwezule mpaka ndinakabweza.

Lachinayi, 6 Juni

Dzulo lonse kuwerenga. Za malumo, za manja a anthu ogwidwa sitiroko, za khungu. Lero kusitolo.

Kasitolo kopanikizika, pakati pa wokonza mafoni ndi wodula makiyi. Fungo la sipiriti ndi ufa wa ometa. Kabati yagalasi yong'aluka pakona. Mwini wake mayi wa magalasi apachingwe, wosaseka.

Malumo achitsulo alipo amitundu iwiri. Lina ukapotokola pansi limatseguka pamwamba ngati zitseko ziwiri, lezala kungoliponyamo. Lina ndi la zidutswa zitatu: chivindikiro, kambale kapansi, ndi chogwirira chomangira zonsezo ngati bawuti. Lezala limakhala pakati, kunja kumangotuluka kamlomo kake. Ena ali ndi mano m'mphepete, ena mpanda wosalala. A mano amadya kwambiri. Ndasankha losalala.

Ndatenga la zidutswa zitatu. Chifukwa choyamba, silichedwa kutsuka ndipo mulibe chothyoka. Chifukwa chachiwiri, kulimasula kumafuna manja awiri. La zitseko munthu atha kulitsegula ndi dzanja limodzi nkutulutsa lezala. Chifukwa chachiwirichi sindinauze munthu. Alamu akanamva akanavina.

Chogwirira. Zonse zimene ndawerenga zikugwirizana: dzanja lofooka limafuna chogwirira chachitali, chonenepa. Masipuni a odwala amatero, miswachi yawo imatero. Ndatenga lalitali kuposa onse.

Mayi uja: "Ndi la amuna anu?" Ndati la bambo anga. "Kaya ndi la ndani, mukatsegula palibe kubweza."

Burashi yatsopano, sopo wometera wa m'kambale, paketi ya malezala. Mtengo wake ndaumva m'mimba. Paketi ikhala m'chikwama changa. Lezala limodzi m'lumo, ndimanga ndine.

Lachisanu, 7 Juni

Magazi pa thaulo, pa vesiti, pa simenti ya kubafa.

Ndilembe mwadongosolo. Ndinaika zonse pa tebulo m'mawa. Bambo anayang'ana lumolo. "Wagula mpini wa khasu." Koma maso anali pa burashi. Anaitenga, anaipukusa pachikhatho cha dzanja lakufalo. Munthu wakhala moyo wake wonse akulemba zikwangwani, theka la masitolo a mumsewu waukulu ali ndi zilembo zake, ndiye burashi ikamudutsa pafupi dzanja limapita lokha.

Ndevu zazitali sizimetedwa ndi lezala, zimafunika kusenga kaye. Makina a alamu apeza ntchito. Anasenga okha, akutukwana chapansipansi. Ndinaika mpando kutsogolo kwa kalilole, madzi otentha m'beseni.

Thovu anapanga labwino zedi, lolimba, ndi dzanja lamanzere. Tsaya lamanzere linayenda. Pang'onopang'ono, mokhotakhota, koma linayenda. Mtima wanga unayamba kuthamangira kutsogolo. Kulakwa.

Kunsi kwa chibwano lumo linadumpha. Sindinaone bwino chimene chinachitika. Chilonda chake chaching'ono, chosafika utali wa chikhadabo. Koma amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiye kanthu kakang'ono kamatuluka ngati pampopi. Ndinakanikiza ndi thonje, madzi ozizira, kukanikizanso. Magazi anasiya patapita nthawi. Pulasitala.

Lumo analiponya m'beseni, madzi anandithovukira kumaso. "Tuluka."

Tsopano nkhope yawo: tsaya limodzi losalala, lina chiputu, pulasitala pakhosi. Kuipa kuposa poyamba.

Sanadye.

Loweruka, 8 Juni

Achimwene anatulukira osanena. Makiyi a galimoto akuzungulira pachala monga mwa nthawi zonse. Anaona pulasitala, anaona thaulo lomwe ndinanyika m'ndowa. Asanapereke ndi moni yemwe, foni m'manja, kujambula.

Pofika masana chithunzi chinali pagulu la abale. Azakhali aimba, akulira ngati maliro achitika kale. Msuweni amene sanabwerepo ngakhale kuchipatala walemba kuti ana ena alibe chisoni.

Tinakangana kukhitchini, chitseko chotseka, ngati Bambo ndi ogontha.

Iwo: "Pakhosi, Aphunzitsi! Pakhosi penipeni! Ukufuna umboni wina wotani?" Ndinati munthu wofuna kudzipha sayamba wapanga thovu. Ndinati chilondacho nchopingasa, chosazama, cha lumo loterereka, aliyense wometa ndevu anachionapo. Iwo: "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Zikavuta anthu adzafunsa ine, osati iwe." Ndinafunsa ngati mutu waukuluwo wapeza kale anthu a lendi. Sanayankhe. Ndiye kuti wapeza.

Anafuna kutenga lumo. Ndinati ndagula ndi ndalama zanga, akalikhudza ndiitana aneba adzaone mkulu wa mpingo akulanda katundu wa mlongo wake. Analisiya. Zimenezi si mfundo, ndi chiwopsezo chabe, ndikudziwa. Zagwira ntchito kuposa mfundo zanga zonse.

Potuluka anaima pakhomo pa chipinda cha Bambo. "Ababa, Loweruka tikubwera, mukapumule kwathu." Bambo ali chogona: "Uyeze bwino mawindo, Alandilodi, makatani angakuchepere."

Ndaganiza. Ndisamukira kuno. Kusukulu nkutali, mabasi awiri, koma ndizidzuka msanga. Pakakhala munthu m'nyumba achimwene asowa ponenera. Sindinawauze Bambo.

Lolemba, 10 Juni

Mafizo ajombanso. Ndi nkhope imeneyi sindinayese nkomwe kuwanyengerera. Mayi wa mafizo akuti Lolemba likubwerali ndi lomaliza, akapanda kuoneka malo apatsa wina.

Bambo sakundilankhula. Akafuna madzi amagogoda kapu ndi sipuni.

Popeza sakulankhula, ndakhala ndikuwayang'ana. Sipuni amaigwira m'munsi, pafupi ndi podyera. Pensulo yodzazira mafunso a m'nyuzipepala amaigwira kunsonga kwenikweni, zala zitatu, chotsala chonse chili m'mwamba. Nkona. Wolemba zilembo zing'onozing'ono burashi amaigwira pakhosi. Dzanja lamanzere likungotengera zimene lamanja linkachita.

Masana, ndikupukuta shelefu ya kubafa, kuseri kwa botolo la mankhwala a chifuwa, kabokosi kachitsulo. Ka lumo lakale lija. Alamu anatenga lumo, bokosi anasiya. M'kati muli nsalu yofiirira yoperepeseka, ndipo pansaluyo padindika malo amene lumo linkagona zaka zonsezi. Ndinayesa kugonekapo langali. Mutu walowa, chogwirira chatulukira kunja ngati mchira wa khoswe.

Lumo lawo linali lalifupi. Ndakula ndikuliona tsiku ndi tsiku ndipo sindinaliyang'anepo.

Ndinadziyesa ndekha pakalilole, lopanda lezala. Kugwira pafupi ndi mutu ngati iwo, chibwano osachikweza kwambiri, chifukwa khosi lawo silipindikira kumbuyo masiku ano. Kutsika kunsi kwa chibwano. Mchira wa chogwirira umagunda fupa la pachifuwa, mutu wa lumo nkutembenuka, mlomo wa lezala nkuloza m'khungu. Ndabwereza kangapo. Nthawi zonse chimodzimodzi, pamalo omwe pali pulasitala.

Mabuku sananame. Amanena za dzanja lofooka. Koma dzanja lomwe likumeta si lofooka, ndi losaphunzira chabe. Ndinayankha funso lomwe silinafunsidwe. Ana anga kusukulu ndimawadula malikisi pa zimenezi.

Lachiwiri, 11 Juni

Kusitolo kuja ndi kabokosi m'chikwama.

Mayi wa magalasi anandizindikira ndisanalowe. "Ndinanena kuti palibe kubweza." Ndati sindikubweza, ndikufuna chogwirira chokha chachifupi, poti zonse zimamangidwa mofanana. "Ndiye mutu wotsalawo ndigulitsa kwa ndani? Kwa munthu wopanda manja?" 

Ndinatulutsa kabokosi, ndinapempha aafupi onse. Anawatulutsa mokoka, akuusa moyo, ngati ndawapempha impso. Anali pansi penipeni pa kabati, mapepala ake atachita chikasu.

Loyamba lalifupi koma lopepuka, chogwirira chosalala ngati galasi. M'manja mwa sopo chiterereka. Ayi. Lachiwiri la zitseko. Ndinaligwira nthawi yaitali. Kunena zoona ndi limene likanawapepukira Bambo, akanamasintha lezala okha. Ndinalibweza. Lachitatu la zidutswa zitatu, mpanda wosalala, lolemera kumutu, chogwirira chokhakhala ngati tupa, utali wake ngati chala changa chapakati. Kulemerako nkofunika, lumo lolemera limadula lokha, dzanja limangolitsogolera. Ndinaligoneka m'kabokosi. Lalowa. Chivindikiro chatseka.

"Amenewo amagula madala okhaokha," anatero mayi uja. Ndati ndi a mdala amene. Mtengo sanatsitse. Nsapato zomwe ndimati ndigule teremu ino zapita.

Pobwerera ndinadzera kwanga kukatenga mabuku ndi zovala zakuntchito. Sutikesi ndaiika kuchipinda kwanga kwakale. Bambo anaimva ikukhukhuluzika pakhonde. Sanafunse.

Lachitatu, 12 Juni

Ndinaika kabokosi pambali pa kapu yawo ya tiyi. 

Anakayang'ana nthawi yaitali. Anatsegula ndi chala chachikulu. Ndinaona nkhope ikusintha, kenako ikubwerera. Anaganiza kuti ndi lawo lija. Si lawo.

Analitulutsa, analiyeza kulemera, zala zitatu zinapita zokha pakhosi pake. Analiyendetsa m'mwamba pafupi ndi tsaya, osakhudza. Kenako anayesa kupotokola chogwirira. Lumo lonse linangozungulira. Anayesanso atalitsamiritsa patebulo. Linaterereka.

Mawu oyamba kwa ine chiyambire Lachisanu: "Wasankha loti ndisatsegule."

Ndati la mtundu umenewu ndi lolimba.

"Usandiphunzitse malumo. Malezala ali kuti?"

Ndati ndikusunga ine.

"Iwenso ndiwe mlamu wako yemwe uja. Kungoti iwe umawerenga."

Sindinakane. Kukana chinthu choona nkutaya nthawi. Ndinangowauza mmene zinthu zilili: Loweruka achimwene akubwera ndi galimoto, Lolemba mafizo omaliza, ndipo ndevu zili pakati pa zonsezi. Ndati lumo ndaliika pashelefu, lezala lili m'kati, sindidzalitchulanso.

"Ana awiri," anatero akuyang'ana kudenga. "Wina akufuna nyumba, wina akufuna kukhoza mayeso."

Zandipweteka kuposa mmene ziyenera. Ndachapa makatani onse a m'nyumba muno, omwe sanali akuda.

Lachinayi, 13 Juni

M'mawa ketulo inalira ndisanadzuke. Kenako ndodo, kukoka kwa mwendo, chitseko cha kubafa. Loko ndinachotsa kale mu Epulo, koma anatsekako ndithu.

Ndinaima pakhonde ndi thonje m'manja ngati chitsiru. Kumva burashi ikugunda m'kambale. Chete. Madzi. Chete wina wautali. Ndinawerenga matailosi a pansi kuti ndisagogode.

Anatuluka masaya onse awiri ali mbee. Chibwano ndi pakhosi sanakhudze, pamlomo sanakhudze. Magazi palibe.

Anandidutsa ngati ndine mpando. Patebulo ndinati tiyi wazizira, ndiwatenthetsere wina. Anati tiyi ali bwino, chozizira ndi nkhope yanga.

Ndinapita kukaona lumo. Lotsukidwa, lopukutidwa, lagona m'kabokosi. Burashi yaimikidwa chozondoka kuti idonthe, monga kale. Ndinayesa chogwirira. Chomangika mmene ndinachisiyira.

Alamu atumiza uthenga, akufunsa ngati makatoni alipo okwanira kapena abweretse. Sindinayankhe.

Lachisanu, 14 Juni

Lero chitseko anachisiya chotsekula pang'ono. Mwadala kapena ayi, sindikudziwa. Ndinaona zonse kudzera pakalilole.

Vuto la pakhosi ndi lakuti khungu la munthu wamkulu ndi lofwafwaza, limafuna dzanja lina lolikoka. Ndinali nditawerenga zimenezi ndipo ndinalibe yankho. Iwo ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, analiika pachifuwa m'munsi mwa khosi, nkulisiya kuti kulemera kwake kukokere khungu pansi. Zala zija zinagwira pang'ono. Ndinaziona zikugwira. Mayi wa mafizo wakhala akupempha zimenezi kuyambira mu Meyi.

Lumo likutsika timizere tifupitifupi, ngati akudzaza chilembo ndi penti. Pafupa paja linadutsa osagunda kanthu. Chilonda chakale anachilambalala. Pansi pa mphuno anachita kulowetsa mlomo m'kati, mbali yakufayo ikukana, anaikankha ndi lilime.

Kadontho kamodzi pachibwano. Anakanikiza okha ndi kapepala.

Maso athu anakumana m'kalilole. "Ukuonera filimu? Walipira?"

Ndinachoka. Kukhitchini ndinangokhala pansi pasimenti. Palibe chifukwa. Zonse zinayenda monga ndinawerengera.

Madzulo anandituma kusita shati yoyera ndi buluku lotuwa. Kutuma, osati kupempha. Lezala lagwira ntchito kawiri pa ndevu zolimba, mawa lifunika latsopano. Ndinati ndisintha m'mawa.

Loweruka, 15 Juni

Galimoto yabwerera ndi makatoni opanda kanthu.

Anafika m'mawa, achimwene ndi alamu, ndi mpando wamatayala wobwereka umene palibe anaupempha. Anapeza Bambo ali pabalaza, shati yoyera, mabatani onse omanga kupatula lapakhosi, nkhope ngati ya pachithunzi cha ukwati chili pakhomacho, kungoti mbali imodzi yatsika. Fungo la sopo nyumba yonse. Patebulo kabokosi ndi thaulo.

Alamu: "Eee, Ababa, mwawala! Wakumetani ndani?" Bambo: "Amene anakumetani nzeru."

Achimwene sanakhulupirire. Anati ndawameta ine kuti ndiwine mlandu. Anati ngakhale atameta okha, nkhani si ndevu, nkhani ndi lezala m'nyumba ya munthu amene ananena zija. Apa ndinalowererapo, ndi mawu anga akusukulu aja. Ndinafotokoza kuti lumoli silitseguka ndi dzanja limodzi, ndinalisankha dala, lezala sangalitulutse, paketi ili ndi ine. Ndinkaona kuti ndikuwateteza.

Bambo anandisiya ndimalize. Kenako anatsegula kabokosi. Anakulunga mutu wa lumo m'thaulo, anaupanikiza pakati pa mawondo, dzanja lamanja pamwamba kutsendereza. Lamanzere linapotokola. Chogwirira chinamasuka ngati chakhala chikudikira. Anafunyulula thaulo, anachotsa kambale, ananyamula lezala m'mbali mwake, naliika patebulo pakati pathu.

Kalezala kali pamenepo, kopyapyala, kakuwala.

"Ndakhala ndikulitsegula chiyambire Lachinayi. Lumo losatsegula ulitsuka bwanji? Ndikanafuna zimene mukuganizazo, bwenzi pano mukukangana za bokosi la maliro."

Lachinayi ndinayesa chogwirira ndipo ndinalemba kuti chili mmene ndinachisiyira. Anachimanganso bwino, basi.

Kwa achimwene: "Alandilodi, nyumba ino ili ndi munthu. Ukawauze alendi ako adikire, sindichedwa kwambiri, koma si Loweruka lino." Kwa alamu anapempha lumo lawo lakale, kapena aloze dzala lomwe anatayako akafukule okha. Alamu anayang'ana pansi. Ndikukayika ngati linatayidwa.

Achimwene anayesa za azakhali, za zimene anthu adzanene. Bambo anawauza ajambule chithunzi china atumize. Sanajambule. Ponyamula mpando wamatayala uja anandiuza pakhonde kuti chilichonse chikachitika chili pamutu panga. Ndati ndamva.

Ndinabwerera m'nyumba mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti tapambana. Lezala linali likadali patebulo. Bambo anatambasula chikhatho.

"Paketi."

Ndati tikambirana.

"Ndipo sutikesi ija ndaimva. Sindinathamangitse wolanda nyumba kuti ndisunge wapolisi. Mawa uzipita kwanu."

Lamulungu, 16 Juni

Ndalongedza. Mabuku omwe aja, osatsegulidwa nkomwe.

Tagwirizana zochepa, ngati mayiko awiri odana. Mayi woyandikana nafe azibwera masana kudzaphika ndi kusesa, kiyi ali naye. Foni izikhala m'thumba la shati, osati pawindo. Ine Lachitatu ndi Loweruka. Anati Loweruka lokha likwana. Ndati Lachitatu ndi Loweruka. Anati ndibwere ndi sopo wina, uyu ndi wonunkhira ngati wa akazi.

Paketi ndinaigwira m'mawa wonse. Ndayesa kuiganiza monga ndimaganizira zina zonse. Zimene ndikudziwa: mawu aja ananena kamodzi, ali pa bedi la chipatala. Lezala akhala akulitulutsa okha chiyambire Lachinayi ndipo ali moyo. Mipeni ili kukhitchini nthawi yonseyi. Kusunga paketi sikuteteza kanthu, kumangowauza chimene ndikuwaganizira. Zimene sindikudziwa: zomwe zimayenda m'mutu mwawo nyumba ikakhala zii. Zimenezo palibe buku. Ndafufuza.

Lezala lakale analikulunga okha m'kapepala kake, akuti malezala otha amaponya m'chitini chotseka, sataya m'zinyalala, ana a eni angadzicheke. Anandifunsa ngati zimenezo zilimo m'sayansi.

Ndaika paketi pashelefu, pambali pa kabokosi. Anaona. Sanathokoze. Anati ndaiika pamalo onyowa, anaisuntha pang'ono.

Potsanzika ndinafuna kuwagwira tsaya, losalala lija. Ndinakonza kolala m'malo mwake. Anati kolala inali bwino.

Ndili kwanga tsopano. M'chipinda mukununkha chinyezi, mbewu ya pawindo yauma. Foni ndaiika pamwamba pa mabuku, mawu ake ndakweza mpaka kumapeto. Achimwene sanaimbe. Bambo sanaimbe, ndipo sangaimbe.

Mawa ndili ndi kalasi yoyamba, foni imakhala m'kabati ya mu ofesi. Nthawi imeneyo iwo adzakhala akuika lezala latsopano okha, chitseko chotseka, m'nyumba mopanda munthu. Wa takisi yowatengera ku mafizo ndamulipiriratu. Ndamuuza kuti akafika aimbe hutala, adikire, asagogode msanga, mdalayo amachedwa kubafa. Akatuluka, anditumizire uthenga wa liwu limodzi. Akapanda kutuluka, aimbe ku ofesi ya sukulu, akandiitane m'kalasi.